A Mildred a pa Lirangwe, Mayi Wosadya Buledi

Pa Lirangwe panamveka mbiri yoti a Mildred, aja ogulitsa chigumu pafupi ndi pokwerera maminibasi, anakhwimira achimwene awo. Oifalitsa ankalumbira kuti mayiwo anapita kwa sing'anga wa ku Mozambiki, ndipo sing'angayo anawapatsa lamulo loti buledi asadzamulawenso, sikono ayi, mandasi ayi, akatero malonda adzayenda ngati madzi a mumtsinje mu Januwale. Malipiro a mankhwalawo, akuti, unali mnofu wa a Frazer, achimwene awo a ku Chileka. Mlongo akanenepa pang'ono, mchimwene aphwe pang'ono.

Nkhani yotere munthu wopemphera sayenera kuitchera khutu. Koma maso nawo ngamwano. A Mildred khungu linali see, mikono ili nganganga, dengu la pamutu akulitula okha osaitana munthu. A Frazer kolala ya shati inkalendewera m'khosi ngati tayala la njinga pa msomali. Ndiye ambirife pakamwa tinkati ndi bodza, mumtima tikuti kaya.

Kuti timvane bwino, tibwerere m'mbuyo.

A Mildred anabadwira kwa Kuntaja, m'nyumba ya mphunzitsi yemwe analinso mkulu wa mpingo. Ana anali awiri, Frazer ndi mlongo wakeyu. M'nyumba imeneyo Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi ankamwa tiyi wa buledi, mawindo ali otsekula kuti odutsa adziwe kuti pano pamakhala anthu a malipiro. Lolemba lililonse Mildred ankajomba kusukulu, atapinda mawondo pamphasa, mimba ikupota. Bambo ake ankati ndi ulesi woopa masamu. Anamukwapula, anamupempherera, anamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba mpaka njokazo, ngati zinalimo, zinasamuka ndi ana omwe. Sizinathandize. Analekeza Sitandade 6. Frazer ndiye anapitiriza, nadzakhala kalaliki wa katundu pa bwalo la ndege la Chileka, munthu wa tayi ndi bolopeni ziwiri m'thumba la shati.

Atakula, a Mildred anakwatiwa ndi a Julius, amene ankatsuka mathireyi pa kampani ina yophikira anthu okwera ndege. Ntchito yonyozeka, koma inali ndi mafuta ake. Tsiku lililonse a Julius ankabwera ndi timabuledi totsala, tozungulira ngati mazira a nkhuku, tina tisanatsekulidwe n'komwe. Oyandikana nawo ankameza malovu. Ankati a Mildred akudya za azungu, buledi woti wakwerako kumwamba n'kubwerera.

Koma mwini wake ankangofota. Mimba inkatupa ngati ali ndi pakati, miyendo ili ngati mapesi. M'zigongono ndi m'mawondo munkatuluka zidzolo zoyabwa. Kuchipatala ankati magazi achepa, n'kuwapatsa timapiritsi tofiira. Anapita padera kawiri. Mwana mmodzi yekha, Pempho, ndiye anakakamira mpaka kubadwa.

Mu 2001 ntchito ya a Julius inatha, timabuledi tinathera pomwepo. Banja linasamukira ku Lirangwe, kumene bamboyo anayamba kupalasa makala pa njinga. Chaka chotsatira kunagwa njala ija aliyense amaikumbukira. Kwa a Mildred ankadya zimene zapezeka: chinangwa, maungu osakhwima, phala la madeya lothira ufa wa malambe. Ndipo apa m'pamene panachitika chodabwitsa. Dziko lonse likulira njala, mimba ya a Mildred inapita pa tchuthi. Kupota kunaleka. Zidzolo zinauma. Ankadzuka m'mawa n'kumadzigwiragwira pamimba ngati munthu wofufuza chikwama chimene chabedwa.

Atakolola, a Julius anafuna kusangalatsa mkazi wawo. Anagula lofu yathunthu ndi majarini.

"Make Pempho, lero tidye ngati anthu," anatero.

Anadyadi ngati anthu. A Mildred anagona masiku atatu, njira ya kuchimbudzi inachita kusalala.

Wina akanati wandilodza ndi mnansi. A Mildred anakhala pansi n'kuganiza. Atachira anadya mbatata n'kudikira, zii. Anadya mpunga, zii. Anagula mandasi amodzi okha, nadya mwadala atakhala pakhonde, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhondo inayambika. Anabwereza ndi sikono, zomwezo. Sukulu analekeza panjira, koma mayeso awa anadzilembera okha n'kudzichongera okha. Kenako anakwera minibasi kupita kuchipatala chachikulu m'tauni, nakafotokozera dokotala wina wamkazi zonse, kuyambira Malolemba aja a ku sukulu. Dokotalayo atawapima anati mu ufa wa tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni, chija chimachititsa kuti ufa ukakandidwa uzinyuluka ngati mphira. Anthu ambiri sichiwavuta, koma ena chimawapala m'matumbo mpaka chakudya chimangodutsa osapindulitsa thupi. Jekeseni wake palibe, piritsi palibe. Mankhwala ake ndi kusiya tirigu moyo wonse. Anawachenjezanso kuti matendawa amakonda kuyenda m'magazi a pachibale.

A Mildred anabwerera kwawo opanda ngakhale kapiritsi kamodzi, koma akuseka okha m'minibasi.

Malonda anayamba chifukwa cha nkhuli. Tiyi wopanda chomwera ankawasowetsa mtendere. Pamsika panali a Maliyamu, mayi wachiyao wogulitsa mpunga, amene anawaphunzitsa mkate wa ufa wa mpunga ndi nthochi. Chigumu ankachidziwa kale, koma anachikonza mwa iwo okha: mgaiwa wosefa kawiri, nthochi zakupsa zoti zayamba mawanga, soda pang'ono, moto pansi ndi pamwamba pa poto. Anzawo ambiri amathirako kaufa ka tirigu kuti chigumu chigwirane. Iwo ankagwiranitsa ndi nthochi basi. Madalaivala a maminibasi atachilawa, anayamba kuimitsa galimoto pamenepo ngakhale palibe wotsika.

Mayiwa anali osamala mpaka kukwiyitsa anthu. Zitumbuwa zawo ankakazingira m'mafuta awoawo, m'chiwaya chimene mandasi sanagweremo. Kumaliro ndi kuukwati ankafunsa ophika ngati m'ndiwo athiramo supu wa m'mapaketi, ndipo akamva kuti inde, ankatsekula kakontena kawo ka futali n'kumadya mosaona nkhope ya munthu. Pa Mgonero, mbale ya buledi ikawafika ankaipatsira kwa mnzawo. Abusa anali atawafotokozera ndipo anamvetsa, koma abusa ndi munthu mmodzi, mabenchi ndi ambiri. Choopsa kwambiri, sefa yawo sankabwereketsa. Mchere ankapatsa, moto ankapatsa, ngakhale chitenje, koma sefa ayi, poopa kuti ikasefera ufa wa mandasi. Inu, mkazi wokaniza sefa pamudzi! Amayi anayang'anizana n'kunena kuti mankhwala aja amagona m'sefamo.

Iwo akafunsidwa ankayankha zoona, kuti tirigu amawadwalitsa. Anthu ankaseka. Buledi, chakudya chimene timapititsira odwala, angadwalitse munthu?

Mu 2008 a Frazer, atapuma pa ntchito, anagwa m'matenda. Kuyambira kale ankadandaula za m'mimba, n'kumati ndi maalsa a anthu ogwira ntchito ya mutu. Tsopano zinafika poipa. Anayezetsa magazi katatu, kachilombo kaja sikanapezeke. Chifuwa chachikulu ayi, shuga ayi. Munthu akungosungunuka. Mkazi wawo, a Ethel, poona kuti zolimba sizikukhala m'mimba, anayamba kuwapatsa zofewa: buledi woviika mu tiyi m'mawa, masana ndi madzulo. Amayi a Mvano nawo ankabwera kudzazonda Lachinayi lililonse, ndipo mukudziwa kuti kwa mwana wa mkulu wa mpingo sapita chimanjamanja. Aliyense lofu kukhwapa.

A Mildred anali atawauzapo achimwene awo kangapo kuti ayese kusiya buledi. A Frazer ankangoti, "Chemwali, iwe unalekeza Sitandade 6. Za matupi a anthu uzisiyira ife owerenga."

Tsiku lina Lachisanu a Mildred anakwera minibasi mpaka Chileka, dengu lili m'manja. Anapeza achimwene awo atawagoneka pa mpando wandalema pabalaza, maso atalowa, mawu akutuluka ngati a mwana. Patebulo panali malofu asanu ndi limodzi atasanjikizana ngati njerwa.

"Alamu, mwayamba kumanga nyumba?" anafunsa a Mildred.

A Ethel sanaseke. Anayang'ana dengu lija. "Mwatenga chiyani umo?"

"Mbatata, nsinjiro, ndi mkate wa mpunga."

"Mubwerere nazo. Zanu za ku Lirangwe muno ayi. Tamva zambiri."

"Mwamva kuti ndikuwadya achimwene?"

"Mwanena ndinu."

A Mildred anatula dengu pansi, nakhala pamkeka, miyendo n'kutambasula ngati munthu amene sakuchoka msanga. "Alamu, ine ndikanakhala wodya anthu ndikanayamba ndi inuyo, muli ndi mnofu. Awa ndidyapo chiyani? Mafupa?"

A Frazer anayesa kuseka, chifuwa chinawatsamwitsa.

"Achimwene," anatero a Mildred atawayandikira, "matenda anuwa ndimawadziwa ngati njira ya kumunda. Mimba imatupa mukangodya. M'zigongono mukuyabwa, ndakuonani mukukanda. Ndi anga omwe aja. Dokotala anati amayenda pachibale. Ndipatseni mwezi umodzi kwathu, osalawa tirigu."

"Nanga akakafera kwanuko?" anafunsa a Ethel.

"Mudzaimirire pamaliro munene zonse zimene mwamva. Ine ndidzangowerama."

Kunja ndege inadutsa, magalasi a m'mawindo n'kunjenjemera. Itapita, a Frazer anati, "Ethel, mapiritsi ndamwa a mitundu yonse. Kufera kuno, kufera ku Lirangwe, manda ndi amodzi. Ndilongedzere."

A Julius atamva kuti mlamu wawo akubwera, anagwira kumutu. "Make Pempho, ukudziwa chimene waitana? Munthuyu watsala mpweya wokha. Akatsirizikira muno atigwetsera nyumba ndi miyala."

"Akatsalira kwawo atsirizika ndithu," anayankha mkazi wawo. "Chibale ndi fupa, sichiola. Kakonzeni bedi."

A Ethel anabwera limodzi ndi amuna awo, osati kudzathandiza koma kudzalondera. Poto aliyense ankasuzumiramo. Mbale iliyonse ankayamba kulawa iwo, n'kudikira kaye ngati agwe. M'mawa linali phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Dzuwa likakwera, nthochi kapena papaya. Masana mpunga wa nandolo, tsiku lina futali, tsiku lina chinangwa chophika ndi matemba ndi nkhwani wotendera. Thobwa la mapira linali m'chidebe nthawi zonse. Wolondera uja ndiye anayamba kuonekera masaya, wodwala ali pomwepo.

Ndipo ankadandaula bwanji! "Tiyi wopanda buledi ndi madzi otsukira makapu," ankatero a Frazer. "Ine kalaliki wa pa eyapoti ndizimwera chigumu ngati kondakitala?"

"Kondakitala akuyenda ndi miyendo yake, achimwene. Idyani."

Sabata yoyamba inatha popanda kusintha. Yachiwiri inafika pakati, mimba ikadali chipotere. Pamsika anthu anayamba kufunsana kuti maliro akachitikira kuti, kwa Kuntaja kapena konkuno. Ogula chigumu anachepa. A Mildred ankakhala pa benchi yawo dengu lili lodzaza. Iwo eni, atasiya tirigu, anamva kusintha pasanathe sabata. Kodi analakwitsa? Kodi atengera mwana wa mayi awo kudzafera m'manja mwawo chifukwa cha liuma? A Maliyamu anawapatsa mpunga wa phala n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha n'kosavuta wodwala akakhala wa eni.

Tsiku lina anaweruka msanga chifukwa malonda sanayende. Atalowa kuchipinda cha wodwala anapeza a Ethel atagwada pambali pa bedi, akunyema sikono kuchokera pa mfundo ya chitenje n'kumaika m'kamwa mwa amuna awo ngati mbalame yodyetsa anapiye. A Frazer ataona mlongo wawo analeka kutafuna, tsaya lili tudzu.

"Alamu! Kuyambira liti?"

"Kamodzi kokha patsiku," anatero a Ethel, misozi ili mbwe. "Munthu akulira njala ya buledi ine ndizingoonerera? Ndi mwamuna wanga. Kasikono kamodzi kangaphe munthu?"

A Mildred anali ndi mawu ambiri pakhosi, ena osayenera mwana wa mkulu wa mpingo. Anawameza. Anaona kuti mlamu wawoyo sanachite mwa nkhanza. Zaka makumi atatu wakhala akusonyeza chikondi ndi buledi, lero aleke bwanji chifukwa cha mawu a munthu amene akumuganizira ufiti?

"Chabwino," anatero. "Inu mukuopa dzanja langa. Kuyambira lero poto wa achimwene sindimugwiranso. Muzigula nokha pamsika, muziphika nokha, m'mapoto atsopano ngati mufuna. Ine ndizingonena kuti ichi inde, ichi ayi. Koma tirigu, ngakhale kanyenyeswa, asalowe m'nyumba muno. Masabata atatu. Zikakanika, ndidzapita ndekha ku Mvano kukavomera zimene sindinachite."

"Mukulumbira?"

"Ndalumbira. Nanunso lumbirani za sikonoyo."

A Ethel anayang'ana chotsala chija m'manja mwawo, natuluka nacho, n'kuponyera nkhuku.

"Nkhuku zodala," anadandaula a Frazer chapansipansi.

Kuyambira tsiku limenelo a Ethel ankaphika, a Mildred ataima pakhomo la khitchini manja ali kumbuyo ngati kapitawo wa pa msewu. Ankakangana za mchere, za moto, za kuchuluka kwa nsinjiro, koma lamulo linasungidwa. Patatha masiku asanu ndi anayi, a Frazer anagona masana onse osadzuka kuthamangira kuseri. A Ethel anachita mantha, nakaika khutu pachifuwa. Munthu anali m'tulo chabe, akuliza mkonono. Sabata yotsatira anapempha mbale yachiwiri ya mpunga. Kenako anatuluka okha kukakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kulangiza a Julius kamangidwe ka matumba a makala pa njinga, ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. A Julius anauza mkazi wawo kuti, "Alamu achira. Ayambanso kudziwa zonse."

A Frazer anakhala ku Lirangwe miyezi iwiri. Tsiku lobwerera anayenda wapansi kuchoka kunyumba mpaka pa siteji, tayi ili m'khosi, akupereka moni kwa aliyense mokweza, makamaka kwa aja anali atakonzeka kudzadya nyemba za pamaliro awo. Asanapite kwawo a Mildred anawaperekeza kuchipatala chachikulu chija, ndipo madokotala atamva mbiri yonse ndi kuwapima, anawauza zomwe anauza mlongo wawo.

Anthu ouma mitu sasowa. Ena anati a Mildred anachita manyazi n'kumasula mankhwala, ndiye tione, tsopano aphwa ndi iwo ndipo malonda agwa. Tinadikira. Mayiwo sanaphwe, ndipo madalaivala anabwerera ndi njala yawo yakale. Lero a Ethel ndiwo amauza amayi a Mvano kuti kwa a Frazer wobwera ndi lofu abwerera nayo, abwere ndi nthochi kapena mazira. Sefa yawo nawonso sabwereketsa.

A Frazer okha ndiwo anafuna umboni wina, poti munthu wowerenga sakhulupirira za Sitandade 6 msanga. Pa ukwati wina ku Chileka, mlongo wawo ali kutali ku Lirangwe osadziwa n'komwe kuti kuli ukwati, anazemba n'kudya chidutswa cha keke kuseri kwa tenti. Anagona masiku atatu. Atadzuka anatumiza uthenga kwa a Mildred wopempha chigumu.

Kwa sing'anga a Mildred sanapiteko, ndipo sanakhwimire munthu aliyense. A Frazer ankadwala ndi tirigu, monga mlongo wawo.